Magudumu a Tionenji

Sukulu sindinapite nayo patali.
Chimene ndimadziwa ndi njinga:
zaka khumi ndi chimodzi ndikunyamula anthu
kuchokera pamsika wa Kapata,
amayi a tomato, matumba a makala,
tsiku lina bokosi la maliro lopanda munthu.
Gudumu likapindika ndimalimva mumsana
lisanayambe n'komwe kulira.

Ndiye Mayi Miti a ku labu atati,
"Bambo, tsinzinani diso limodzi, suzumirani apa,"
ndinapukuta manja pa thalauza
ngati ndikulowa m'tchalitchi.

Kadontho kamodzi kokha,
kochokera pachala cha Tionenji wanga.
Koma mmenemo munali Chipata yense
pa tsiku la malipiro:
timagudumu tofiirira mbwee,
topanda sipoko, topanda tcheni.
"Awa ndiwo amanyamula mpweya," anatero mayiwo,
"kuchoka m'mapapo kukatula kuchala chakuphazi.
Sapuma. Sabwerera chabe."
Ndinaseka. Anzanga awa, ndinati,
kungoti iwo salipiritsa.

Anandionetsa wina wamkulu, wamaangamaanga,
msilikali wolondera usiku,
ndi tizidutswa tomata pobooka
monga ine ndimatira chubu pansi pa mtengo wa mango.

Kenaka ndinawaona ndekha, osauzidwa.
Opindika.
Ena ngati zenga, ena ngati mwezi wa masiku atatu,
malimu amene agwa m'dzenje ali ndi katundu.
"Amenewo akafika pa njira yopapatiza
amakolana, amatseka.
Kuseri kwake mnofu umadikira mpweya wosafika."

Basi ndi zimenezo?
Usiku wonse uja wa mwezi wa Juni,
mphepo ikutsika m'phiri la Kanjala,
mwana akukuwa kuti mafupa akuthyoka
ife osaona bala;
timanja totupa asanayambe n'kukwawa;
maso achikasu ngati papaya;
nkhuku ziwiri zimene tinasiya kwa sing'anga ku Mtenguleni;
mlamu wanga amene sitipatsana moni mpaka lero
chifukwa ula unaloza iye.
Zonsezo, kagudumu kopindika
kosaoneka ndi maso.

Ndinafunsa, nanga kanapindika bwanji?
Mayi Miti anavula magalasi.
"Theka linachokera kwa amake.
Theka kwa inu."

Velinasi sanayankhule.
Zaka zisanu ndi ziwiri akumva kwa abale anga
kuti kwawo kuli magazi oipa.
Anangondiyang'ana kamodzi,
n'kukonza mpango wa mwana.
Chitunda cha ku Mchini sichinandilemerepo
ngati kuyang'ana kumeneko.

Ine ndimawongola malimu.
Ndipatseni sipanala ndi theka la ola,
gudumu lizungulira ngati latsopano.
Awa alibe pogwira.

Ndinapinda malaya, ndinati tengani anga.
Anatenga, koma anati apita kwa wina,
mwina mayi wochira movutika ku Chadiza,
mwina wogwa pa njinga yamoto.
Thumba limene anapachika pamutu pa Tionenji
linali la munthu amene sitidzamudziwa.
Ndinakhala pansi n'kumawerenga madontho.
Pofika mbandakucha milomo yake
inasiya kuoneka ngati phulusa.
Anapempha fanta.

Masiku ano ndimamunyamula ndekha popita ku kiliniki,
juzi ziwiri ngakhale dzuwa lili pamutu,
botolo la madzi lomangirira pa kaliyala.
Maenje onse a mumsewu ndimawalambalala.
Iye amandigwira malaya n'kumawerenga njinga
zimene tikupitirira.

Ndipo aliyense wokwera kumbuyo kwanga,
mphunzitsi, wapolisi, mlamu wanga akadzafuna,
ndimamva kulemera kwake mosiyana tsopano.
Ndimadziwa kuti sindikupalasa ndekha:
mkati mwake muli anyamata miyandamiyanda
akukwera chitunda chomwechi,
opanda dzina, opanda belu,
katundu wawo mpweya.